Mawanga a Dzuwa ndi Waya wa kwa Mtelezi

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene tinasamukira ku Chiponde pamene anzanga a ntchito ankakwezedwa kupita ku Blantyre. Mayi anu amangoyankha kuti bambo anu anakangana ndi bwana chifukwa cha dzuwa. Sakunama, koma nkhaniyo ndi yaitali. Poti tsopano ndinapuma ntchito ndipo nthawi ndili nayo, ndaganiza zoilemba yonse kuti muidziwe kuchokera kwa ine mwiniwake.

1980, Monkey Bay

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku doko la Monkey Bay, m'chipinda cha mawailesi olankhulirana ndi sitima, aja anthu amangowatcha ovaova. Ndinali nditangomaliza maphunziro a zamagetsi, ndipo ndinkadziona ngati ndatha zonse. Bwana wanga anali Che Bwanali, bambo wamfupi wa ku Malindi, wosakonda zolankhulalankhula. Masiku awiri oyamba sanandipatse ntchito ina koma kupukuta mitu ya mabatire. Tsiku lachitatu, titachoka ku mzikiti ku swala ya masana, ananditulutsa panja atanyamula magalasi oonera patali a pasitima ndi pepala loyera.

"Saidi," anatero, "magalasi awa usadzayerekeze kuyang'anira dzuwa. Udzachita khungu pompo. Iwe yang'ana papepala."

Analozetsa magalasiwo kudzuwa, kuwala n'kugwera papepala ngati mbale yoyera. M'kati mwa mbalemo munali timawanga takuda, tina tokhatokha, tina tounjikana ngati nthata. Ndinati mwina magalasi ada. Anawapukuta, timawanga tija tili pomwepo.

"Amenewa ndi mabwana ako enieni," anatero Che Bwanali. "Ine ndine wongokugwirira."

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Mawu athu popita kwa sitima imene ili ku Nkhata Bay sayenda pamwamba pa madzi ayi. Amakwera kumwamba, n'kukagunda chinthu china chosaoneka chokhala ngati denga, kenako n'kutsikira kutali. Dengalo limamangidwa ndi dzuwa. Dzuwa likakhala ndi mawanga ambiri, denga limalimba ndipo ngakhale matchanelo apamwamba amagwira. Mawanga akachepa, denga limafooka, mawu a pa tchanelo yapamwamba amangoboola n'kupitirira osabwereranso. Pamenepo umayenera kutsikira pa tchanelo yapansi, koma yapansiyo imafuna waya wa eriyo wautali kwambiri. Ndipo mawangawo amachuluka n'kuchepa, kuchuluka n'kuchepanso, ulendo uliwonse zaka pafupifupi khumi ndi chimodzi.

Kuyambira tsiku limenelo, masana alionse kukakhala kopanda mitambo, ndinkajambula mawanga m'kope. Kunkabweranso mapepala ochokera kunja olosera matchanelo amene agwire mwezi wotsatira, koma kawirikawiri ankafika mweziwo utatha kale. Kope lathu ndilo tinkalidalira.

1986 mpaka 1995

Zaka zimenezi zinali zosowa zinthu. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njira za katundu, ndipo kachipangizo kakang'ono ngati njere ya nyemba tinkakadikira miyezi. Tinaphunzira kupha wailesi imodzi kuti ziwiri zikhale ndi moyo. Che Bwanali sankataya kanthu, ngakhale kachidutswa ka waya kotalika ngati chala. Ankasunga m'zitini, chilichonse chitini chake.

Tsiku lina m'chaka cha 1989, dzuwa lili ndi mawanga odzaza pepala, mawailesi onse anangoti zii nthawi imodzi m'mawa. Sitima sinkamveka, ngakhale phokoso lija la shii linali litachepa. Mkulu wa doko analowa thukuta lili kamukamu, natilamula kuti timasule mawailesi onse tione chavuta. Ine ndinali nditagwira kale sikuludalaiva. Che Bwanali anandigwira dzanja.

"Bwana, mawailesi atatu sangafe mphindi imodzi," anatero. "Dzuwa laphulika, denga la kumwamba likumeza mawu m'malo mowabweza. Tipatseni maola awiri."

Mkuluyo anatuluka akung'ung'udza. Ife tinakhala pansi n'kumwa tiyi. Isanakwane nthawi ya swala ya masana, mawu a kapitawo wa sitima anabwerera okha, poyamba ngati munthu wolankhulira m'mtsuko, kenako bwinobwino. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti nthawi zina ntchito ya mmisiri ndi kusagwira kanthu. Che Bwanali anapuma mu 1995, ine n'kukhala pampando wawo.

2003, Mangochi boma

Ndinachoka ku doko chifukwa cha sukulu yanu ndi geni ya mayi anu, amene ankafuna kugulitsa nsomba zouma pa msika waukulu. Ndinalowa ntchito ku bungwe lina lothandiza zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Mafoni a m'manja anali atayamba m'tauni, koma kuseri kwa mapiri a kum'mawa, cha kumalire, kunalibe netiweki ngakhale ukwere mumtengo. Mzamba akaona kuti mayi woyembekezera zamuvuta, njira yokha yoitanira ambulansi inali wailesi. Ntchito yanga inali yoyendera zipatala zimenezo pa njinga yamoto, kukonza mawailesi, masola ndi mabatire.

Bwana wanga anali a Kamwendo, munthu wophunzira, waukhondo ndi wachilungamo. Ndikufuna mumve bwino pamenepa, chifukwa mwa inu alipo amene anakula akuganiza kuti a Kamwendo anali munthu woipa. Sanali. Mayi anu atadwala anatipatsa galimoto ya ofesi osafunsa kawiri. Kungoti ankakhulupirira pepala lodindidwa kuposa munthu wonunkha girisi.

2007

Chaka chimenechi mawailesi akale anali atatheratu pamodzi ndi mawaya awo a eriyo, ndipo bungwe linaganiza zogula atsopano. Kampani yogulitsa inabweretsa dongosolo lake: tchanelo imodzi yapamwamba, eriyo yaifupi yooneka bwino, yoti anthu awiri n'kuimika tsiku limodzi. Chilolezo cha tchanelo yapansi imene tinkagwiritsa kale anati tichisiye chithe. Dzuwa panthawiyo linali pa mpumulo wake, mawanga ochepa, ndipo ndinafunsa kuti nanga m'mawa, denga likakhala lofooka kwambiri, tizilankhulana bwanji. Wogulitsayo anatulutsa pepala la akatswiri a kunja. Linkati mpumulowo uli kumapeto, ndipo ulendo ukubwerawo dzuwa lidzakhala lamphamvu kuposa ulendo wapitawo. "Mupirire miyezi yochepa chabe," anatero.

Mtima wanga sunakhazikike. Kope langa linkaonetsa masiku ambiri opanda banga ngakhale limodzi, ndipo sindinkaona chizindikiro choti zinthu zikutembenuka. Koma kope la munthu mmodzi wa ku Mangochi n'chiyani pamaso pa akatswiri? Ndiye Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Zomba, kukaonana ndi mphunzitsi wina wa sayansi wa ku yunivesite, a Dokotala Nyirenda, mayi amene ndinawakonzerapo wailesi ali pa kafukufuku kunyanja. Anandilandira pakhonde pawo, natsegula kope langa tsamba ndi tsamba osathamanga.

"Che Saidi, pepala limene akuonetsanilo si labodza," anatero. "Koma si lokhalo. Akatswiri agawikana pawiri."

Anandiuza kuti dzuwa lonse lili ngati maginito aakulu, okhala ndi mutu wakumpoto ndi wakumwera, ndipo mawanga aja ndi malo amene mphamvu ya maginitoyo yapotana n'kutulukira kunja. Ulendo uliwonse mitu iwiriyo imasinthana. Gulu lina la akatswiri linapanga dzuwa la m'kompyuta, lotsanzira mmene moto wa m'kati umayendera n'kumanyamula maginito, ndipo dzuwa lawolo linati ulendo ukubwerawo ukhala wamphamvu. Gulu lina linkayeza mphamvu ya maginito pa mitu iwiri ija nthawi ya mpumulo, ndipo linkati mphamvu imeneyo ndiyo mbewu ya ulendo wotsatira.

"Ndiye mbewu ya chaka chino ili bwanji?" ndinafunsa.

"Yachepa. Yachepa kuposa maulendo apitawa. Wosunga mbewu yochepa sakolola nkhokwe yodzaza."

"Ndiye olondola ndi achiwiriwo?"

Anaseka. "Mukufuna ndikulonjezeni? Sindingathe. Ine mtima wanga uli kwa achiwiriwo, chifukwa akuyeza chinthu chimene chilipo lero. Koma dzuwa silinasainirane ndi munthu. Funso lanu lisakhale lakuti wolondola ndani. Dzifunseni kuti mukalakwitsa mbali iyi chichitike n'chiyani, mukalakwitsa mbali inayo chichitike n'chiyani."

M'minibasi pobwerera ndinaliyankha funsolo. Ndikaika waya wautali dzuwa n'kubwera lamphamvu, ndiye kuti ndavutitsa anthu pachabe ndipo andiseka. Ndikaika eriyo yaifupi dzuwa n'kukhala lofooka, ndiye kuti tsiku lina mzamba adzaitana m'mawa popanda womumva.

Lolemba a Kamwendo anandiitana kuti ndisaine pepala lovomereza dongosolo la kampani ija, poti ine ndinali mmisiri wamkulu. Anandiuzanso nkhani yabwino, yoti akulu akufuna ndikayang'anire wekishopu yaikulu ku Blantyre ntchito imeneyi ikangotha. Ndinawafotokozera zonse za ku Zomba. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Che Saidi, inuyo mukundiuza kuti akatswiri sakugwirizana. Chabwino. Ndiye ine ndikawauze akulu kuti taimitsa ntchito chifukwa mmisiri wathu amajambula madontho m'kope?"

"Musaimitse, bwana. Gulani mawailesiwo, ndi abwino. Koma chilolezo cha tchanelo yapansi chisathe, ndipo tiike waya wautali pambali."

"Zipatala zonse? Mitengo, mawaya, miyezi ingati? Mvula ili pafupi. Sainani, izi tidzaziona m'tsogolo."

Cholembera chinali patebulo. Ndinaganiza za Blantyre, za sukulu zabwino zimene inu mukanaphunzirako, za nyumba ya madzi m'kati imene mayi anu ankailakalaka. Sindikunamizani kuti ndinali wolimba mtima. Koma ndinati, "Bwana, mundikhululukire. Dzina langa silikhala pamenepo."

Pepalalo anasaina mmisiri wina wochokera ku likulu, ndipo ndi iyenso anapita ku Blantyre. Patatha sabata ziwiri a Kamwendo anandipatsa kalata. Chilolezo cha tchanelo yapansi anachisunga, koma waya wautali anandilola kuika pa zipatala zitatu zokha za kumalire, popanda thandizo la zipangizo, ndipo ndinayenera kukakhala ku Chiponde kuti ndiziyang'anira ndekha. "Poti mwamukonda wayayo, kakhaleni naye pafupi," anatero, osati mokalipa.

Mayi anu, Abiti Jafali, ndinawauza tsiku lomwelo. Madzulo ake anandifunsa funso limodzi. "Bambo a Halima, mukutsimikiza kuti mukulondola?" Ndinati ayi, sindikutsimikiza. Anandiyang'ana, kenako anati, "Mukanati inde ndikanatsala. Poti mwanena zoona, tiyeni." Anasiya benchi lawo la pamsika limene analimenyera nkhondo zaka zinayi.

2008 mpaka 2009, Chiponde

Ku Chiponde tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika, pakati pa phokoso la akabaza ndi malole odikira kuwoloka malire. Waya wa kopa kunalibe. Ndinapita kwa mwini chigayo wina amene mota yake inapsa, n'kumupempha kuti ndimasule waya wa m'kati mwake. Ndinakhala masiku anayi ndikuwongola wayayo ndi kumupota pawiri kuti alimbe. Zotchingira magetsi kumapeto ndinadula ku paipi ya pulasitiki. Mitengo ya bulugamu anadula ndi kunyamula anthu a m'midzi momwemo, azamba atawapempha.

Chipatala chakutali kwambiri chinali cha kwa Mtelezi, kuseri kwa phiri, msewu wake wa miyala yokhayokha. Mzamba wake anali Abiti Adamu, mayi wamtali wa mawu aakulu, amene anagwira ntchito pamenepo zaka zambiri yekha. Nditatambasula waya kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa bulugamu, mamita pafupifupi makumi anayi, anaima manja ali m'chiuno.

"Che Saidi, anzanu abweretsa kandodo kokongola, inu mwabweretsa chingwe chokokera ng'ombe. Chabwino n'chiti?"

"Masana gwiritsani kandodoko, amayi. Koma m'mawa kukakana, tembenuzani batani ili, muitane ine pa wailesi imene ndaika kunyumba kwanga."

Miyezi yoyamba anthu anandiseka, ndipo anali ndi chifukwa. Masana tchanelo yapamwamba inkagwira bwino, mawu oyera kuposa a waya wanga. Anzanga a ku boma akandiona ankati, "Bwanji a zanyengo, dzuwa likuti chiyani lero?" Panali masiku amene ndinkadzifunsa ngati sindinakuvutitseni pachabe. Halima anabwereza kalasi chifukwa cha kusamukako, ndipo mpaka lero ndikamuona ndimakumbuka zimenezo.

Koma dzuwa silinadzuke. Chaka cha 2008 chinatha pepala langa likungotuluka loyera, sabata ndi sabata. Chinalowa cha 2009, chimodzimodzi. Azamba a zipatala zina anayamba kudandaula kuti m'mawa wailesi imangolira shii mpaka dzuwa litakwera. Ine ndinazolowera kutsegula wailesi ya kunyumba pa tchanelo yapansi ndikangochoka ku swala ya subuhi, ya m'mbandakucha.

M'mawa wina wa mwezi wa February, mvula itagwa masiku atatu, ndinangotsegula n'kumva mawu a Abiti Adamu, osasa chifukwa choitana nthawi yaitali.

"Chiponde, Chiponde, kuno kwa Mtelezi. Che Saidi, mukundimva? Ova."

"Ndikukumvani, amayi. Nenani. Ova."

"Alhamdulillah. Ku boma ndaitana mpaka mawu atha, sakuyankha. Ndili ndi mayi wachira mwana wamwamuna, koma magazi sakusiya. Ndachita zonse zimene ndingathe. Ambulansi ibwere tsopano lino. Ova."

Foni ya m'manja ku Chiponde inkagwira pa chulu china kuseri kwa mzikiti. Ndinathamangira pamenepo opanda nsapato, n'kuimbira dalaivala wa ambulansi ya m'dera lathu, Che Twaibu. Anati anyamuka, koma mlatho wa msewu wachidule wakokoloka. Ndinabwerera ku wailesi. Abiti Adamu anati amuna a m'mudzi angathe kumunyamula mayiyo pa machira mpaka pa mtsinje, ambulansi ikadikire tsidya linalo. Ndinathamangiranso pa chulu. M'mawa umenewo ndinayenda pakati pa wailesi ndi chulu kasanu ndi kawiri, mayi anu atagwira maikolofoni kuti mzambayo asakhale yekha. Sankadziwa zonena, ndiye ankangoti, "Tili nanu, amayi, tili nanu. Ova."

Mayiyo anafika ku chipatala chachikulu ali moyo. Anamuika magazi, ndipo patatha sabata anabwerera kwawo ndi mwana wake. Sindinamuonepo nkhope, ndipo dzina lake ndinaiwala. Sindinganene kuti waya wanga ndiye anamupulumutsa. Anamupulumutsa Mulungu, ndi mzamba, ndi amuna amene anawoloka naye madzi ofika m'chiuno. Wayayo anangonyamula mawu.

Mwezi wotsatira a Kamwendo anabwera okha ku Chiponde. Anakhala pa mpando wathu wa nsungwi, namwa tiyi, nafunsa za sukulu yanu. Ponyamuka anaima pakhomo.

"Che Saidi, zipatala zotsalazo zikufuna waya wautali. Mungayambe liti?"

"Mawa, bwana, waya akapezeka."

"Apezeka. Wogula, osati wa m'chigayo." Kenako anandigwira dzanja ndi manja awiri. Kwa ine zinakwana. Malo a ku Blantyre anali ndi mwini wake kale, ndipo sitinawatchulenso.

Dzuwa linadzuka mochedwa, ndipo ulendo umenewo unakhaladi wofooka monga ananenera a gulu lachiwiri lija. Koma musatenge nkhaniyi ngati umboni woti bambo anu ankadziwa za m'tsogolo. Ulendo uno umene tili nawowu ambiri analosera kuti ukhalanso wofooka, inenso ndinavomereza, koma dzuwa labwera ndi mawanga ochuluka kuposa mmene tinkayembekezera. Ndinawaimbira a Dokotala Nyirenda kuwafunsa, iwo n'kuseka kuti, "Tikuphunzirabe, Che Saidi."

2016 ndi pambuyo pake

Nsanja za mafoni zinafika mpaka kuseri kwa mapiri, ndipo mawailesi anayamba kukhala chete, osati chifukwa cha dzuwa koma chifukwa palibe ankawafunanso. Ntchito yanga yomaliza ndisanapume inali yozungulira zipatala kuchotsa mawailesi amene ndinaika ndekha. Anthu ankaganiza kuti zindiwawa. Zinandiwawa pang'ono, koma mzamba wokhala ndi foni m'thumba ali pabwino kuposa wodikira nkhalamba ithamangire pa chulu.

Kwa Mtelezi ndinapitako komaliza. Abiti Adamu anali atakalamba, akuyenda mokoka mwendo, koma mawu ali omwe aja. Ndinamasula wailesi, ndinatsitsa kandodo kaja, n'kuika zonse m'katoni. Nditatenga makwerero kupita ku mtengo wa mango, anandiimitsa.

"Wailesi tengani, ndi ya bungwe. Koma chingwecho bungwe silinagule. Mutsitse pang'ono chabe, chifike pamene manja anga angafike."

Ndinatsitsa monga ananenera, n'kumanganso mfundo zolimba mbali zonse. Ndisanamalize n'komwe kulongedza zida, amayi awiri odikirira anatuluka m'chipinda cha ochira ndi mabeseni, nayamba kuyanika matewera ndi zitenje, kuchokera ku mango mpaka ku bulugamu. Abiti Adamu anagwedeza wayayo ndi dzanja kuona ngati walimba.

"Waya wabwino uyu," anatero. "Zaka zonsezi, dzimbiri ayi."

Ndinamangirira katoni pa njinga yamoto, ndinawatsanzika, n'kutsika phiri kubwerera kwa mayi anu.